Oyendera azifunsanso odwala, osati mafaelo okha

Mwalemba bwino akulu, mfundo yanu yoti malo othandiza odwala matenda a maganizo komanso omwe akodwa ndi mowa kapena mankhwala ozunguza bongo aziyenderedwa pafupipafupi ndikugwirizana nayo. Koma vuto ndi loti oyenderawo ambiri akafika amangothamangira mafaelo, laisensi ilipo, siginecha ilipo, basi achonga nkumapita, wodwalayo osamufunsa olo kamodzi kuti kodi akukusamalani bwanji kuno.

Chonsecho zofunika kufufuza zilipo zenizeni. Munthu amene akumwa mankhwala a matenda a maganizo otchedwa lithium amayenera kuyezedwa magazi kawirikawiri chifukwa mankhwalawa akachuluka m'thupi amasanduka poizoni ndipo amatha kuononga impso, wa mankhwala ena otchedwa clozapine nayenso magazi ake aziwonedwa poti amatha kugwetsa maselo oyera oteteza thupi. Ndiye funsani, anayezedwa liti, zotsatira anaziona ndani? Wina akamangidwa pabedi kapena kutsekeredwa yekha mchipinda zilembedwe, analamula ndani, kwa maola angati, anayesa kaye njira zina? Komanso munthu akangotulutsidwa mchipatala masabata oyambawo ndi oopsa kwambiri pa nkhani yodzipha, pakhale womuimbira foni kapena kumuona sabata isanathe.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa buku lothandiza poyendera malo oterewa lotchedwa QualityRights Tool Kit mu 2012 ndipo limati mgulu loyendera mukhalenso anthu amene anadwalapo ndi achibale awo, izi ndiye zanzeru chifukwa iwowo amadziwa pofunsa. Kungoti manesi musawaunjikire mafomu mpaka kusowa nthawi yokhala ndi wodwala, ndipo kuyenderako kuzikhala kodzidzimutsa osati kuwauziratu kuti tikubwera Lachiwiri nde akolope mawodi.