Musaphatikize mipingo yonse

Mwalemba zoona kuti mipingo ina yasanduka malo otolera ndalama, koma si yonse ayi. Kuno ku Thyolo a Seventh-day Adventist anayamba ntchito ku Malamulo mu 1902, ndipo mpaka lero chipatala chawo ku Makwasa chikuthandiza anthu, kuphatikizapo othyola tiyi m'maesiteti omwe malipiro awo safika kumapeto kwa mwezi. Ku Mulanje Mission nako a CCAP akuchiza odwala. Namondwe Freddy atagwetsa nyumba mu 2023, ambiri anathawira m'matchalitchi.

Chondiwawa ine n'chakuti abusa ena amasonkhetsa mayi wamasiye ndalama yogulira galimoto, pomwe denga lake likudontha. Akuluampingo, musanamupatse envelopu, kaoneni kaye pomwe amagona ndi ana akewo.