Mabwinja si a akuluakulu okha

Ena amati ana aang'ono amatopa msanga pa mabwinja, ndiye bola kuwasiya kuhotela. Pamenepo ine ndakana. Mwana amatopa mukamuimika padzuwa kuti amvere mbiri yaitali. Mupatseni chochita, muona.

Ku Great Zimbabwe, mabwinja a mzinda wakale wamiyala omwe ali kufupi ndi tauni ya Masvingo m'dziko la Zimbabwe, tinauza ana athu kuti afufuze matope kapena simenti pakati pa miyala ya khoma. Anasuzumira m'ming'alu mpaka kugwada pansi, osapeza kanthu. Khoma la mpanda waukulu wotchedwa Great Enclosure, lomwe penapake limafika mamita 11 kutalika, anangolisanja mwala pamwamba pa mwala, koma laima zaka mazanamazana. Wamng'onoyo anachita kufunsa yekha kuti, "Nanga pamwambapo ankafikapo bwanji?"

Chimene chimandiwawa n'chakuti kale atsamunda ankakana zoti mzindawu anamanga ndi anthu akuda. Chonsecho anamanga ndi makolo a Ashona, cha m'ma 1100 mpaka 1400. Ndinkafunitsitsa kuti ana anga aone ndi maso awo, asamangomvera kwa ena. Ngakhale mbalame ili pa mbendera ya Zimbabwe ija inachokera konko, yosemedwa pa mwala wofewa.

Kwerani ku Hill Complex, mabwinja a paphiri, m'mawa dzuwa lisanakwiye, chifukwa tinjira take n'tothina komanso tokwera. Tengani madzi okwanira, ndipo chakudya musachionetse poyera, anyani akumeneko sachita manyazi. Chonde makolo anzanga, ana asakwere pamakoma. Palibe chinamata miyalayo, imagumuka mosavuta.