Malangizo a chida azinena zomwe chidacho sichiona

Sabata yatha masana onse anandithera pachabe chifukwa cha chiganizo chimodzi chomwe wina sanalembe. Ndimagwiritsa ntchito AI agent, pulogalamu ya AI yomwe imagwira yokha ntchito imene waituma, poyerekeza mavidiyo. Ndikamaliza kudula ndi kukonza, imatenga fayilo yakale ndi yatsopano, n'kuzilowetsa m'chida (pulogalamu ina) choyerekezera, kenako n'kundiuza ngati chithunzi chawonongeka. Tsikulo inandiuza mosakayika kuti yatsopanoyo yawonongekeratu. Ndinaionera kawiri, nkhope pafupi ndi sikirini, koma vuto osaliona. Pambuyo pake ndinakumbukira kuti ndinadula ma frame (zithunzi zotsatizana zomwe zimapanga vidiyo) atatu koyambirira, ndiye chidacho chinkayerekeza zithunzi zosagwirizana kuyambira poyamba mpaka pamapeto. M'malangizo ake munalibe paliponse ponena kuti mavidiyo awiriwo ayenera kuyambira pamodzi.

Mlandu sindiuika pa AI. Munthu akawerenga malangizo operewera amaima, amakayika, amafunsa mnzake. AI agent nthawi zambiri siima. Imadzaza yokha mpata umene wolemba anasiya, n'kubweretsa yankho ndi mtima wonse. Mu Model Context Protocol, njira yolumikizira AI ndi zida yomwe kampani ya Anthropic inatulutsa mu 2024, chida chimafika kwa AI ngati dzina, mawu ochifotokoza ndi mndandanda wa zoyenera kuchipatsa. Mawuwo akapereŵera, AI imayenda mumdima koma ikulankhula ngati ikuona.

Ndiye ine poyesa malangizo sindiyang'ananso kuchuluka kwa masamba. Ndimafunsa kuti nambala yomwe chidacho chikutulutsa ikutanthauza chiyani. Taonani njira zitatu zoyezera kuwonongeka kwa chithunzi: PSNR imawerengedwa mu muyeso wotchedwa ma decibel, SSIM imathera pa 1, pomwe VMAF, yomwe Netflix inatulutsa mu 2016, imayambira pa 0 kufika pa 100. Malangizo akangoti "mupeza nambala", AI idziwa bwanji kuti 0.97 ndi yabwino kwambiri pa SSIM koma pa VMAF ndi tsoka?

Pa VMAF pomwepo ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa ndi pomwe anthu ambiri timagwera. Poyesa, imafuna kudziwa kuti vidiyo yoyambirira ndi iti ndipo yosinthidwa ndi iti. Ukazisinthanitsa nambala imasintha. Mu FFmpeg, pulogalamu yokonzera mavidiyo, fyuluta yowerengera VMAF yotchedwa libvmaf imalandira yosinthidwa poyamba, yoyambirira pambuyo, pomwe ambirife mutu umatiuza kuti tiyambe ndi yoyambirira. Chachikulu kuposa apo n'chakuti VMAF yanthawi zonse imayang'ana kuwala kwa chithunzi, osati mitundu. Nkhope ya munthu ikhoza kutuluka yobiriwirako utalakwitsa pokonza mitundu, nambala n'kukhalabe pamwamba, AI n'kukuuza kuti zonse zili bwino. Ndipo mawu a m'vidiyo siiwamva n'komwe. Kwa ine malangizo osanena zimenezi ndi oopsa kuposa kusowa malangizo, chifukwa amakupatsa chidaliro chabodza.

Za liwiro la ma frame nazonso zizilembedwa. Vidiyo ya ma frame 29.97 pa sekondi ukaitenga ngati ya 30, pakutha pa ola limodzi zasiyana ndi masekondi 3.6. Kodi chida chikakumana ndi 25 mbali ino ndi 29.97 mbali inayo chimakana, kapena chimasintha mwakachetechete? Chiganizo chimodzi chikwanira.

Enanu munena kuti AI za masiku ano n'zanzeru, zizitulukira zokha. Nthawi zina zimatero, sindikana. Koma nzeru za AI sizingaone zomwe zili mkati mwa chida chomwe wina anachimanga mwanjira yake. Chida chikalephera chizinena cholephera chake m'mawu omveka, monga kuti mavidiyowo akusiyana kutalika ndi ma frame atatu, m'malo mobweza 0 kapena kungokhala chete. Uthenga wotero AI imatha kuugwiritsa ntchito, n'kulunzanitsa mafayilo, n'kuyesanso.

Panopa ndisanakhulupirire chida chilichonse ndimachiyesa ndi misampha itatu yanga. Ndimachipatsa vidiyo imodzimodzi kawiri, kenako yodula koyambirira, kenako yomwe ndasintha mitundu yokha. Ndikatero ndimawerenga malangizo n'kudzifunsa ngati munthu wosachidziwa chidacho akanatha kuneneratu zotsatira zitatuzo pongowerenga. Chida cha sabata yatha chija malangizo ake anakhoza msampha woyamba wokha. Ndawalembera eni ake kuwapempha kuti awonjezere ziganizo ziwiri, ndipo ziganizozo ndalemba ndekha m'kalatamo.