Mwana wa Sitandade 3 mukuti "kick out"?

Ndakwiya ndithu. Uthenga wabwera pa gulu la WhatsApp la makolo, a hedi alemba m'Chingerezi kuti ana onse omwe sanapereke ndalama ya chitukuko "will be kicked out" Lolemba.

Aphunzitsi, mawuwa mumawadziwa kuposa ife, Chingerezicho mumaphunzitsa ndinu. Kick ndi theche. Kick out ndi kutulutsa munthu mokakamiza, mwachipongwe. Eni chinenero amatero ponena za chidakwa chomwe chayambitsa ndewu m'bala, alonda nkuchikokera kunja, kapena wosewera wopanda mwambo amene timu yamutaya. Ndi mawu apamsewu, sayenera kutuluka mu ofesi ya sukulu. Nanga kamwana ka zaka zisanu ndi zitatu kalakwa chiyani kuti mukalembere mawu amenewa?

Ndipo ngakhale mutafewetsa nkulemba kuti send home, nkhani ndi yomweyo: mukuthamangitsa mwana chifukwa cha ngongole ya kholo. Mwana alibe ngongole ndi sukulu. Mwana sagwira ganyu, salandira malipiro. Amene sanapereke ndine kholo, ndiye itanani ineyo, mundikalipire mpaka mtima wanu ukhale pansi. Mwanayo musiyeni m'kalasi!

Pulayimale yaulere inayamba mu 1994, nthawi ya a Bakili Muluzi, ndipo gawo 25 la malamulo aakulu a dziko lino likuti aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro. Inde ndalama za boma zimachedwa, choko ndi mlonda zimafuna ndalama, tikudziwa. Koma teremu yatha ndinaona ndi maso angawa kamtsikana kothamangitsidwa katakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa mpanda, makope ali m'jumbo ya shuga, kudikira kuti anzake aweruke. Kamaopa kupita kwawo chifukwa kamadziwa kuti amayi ake alibe ndalamayo. Mawa lake mudzadabwa kuti kasiya sukulu?

Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Wanu mungalole kuti amulembere choncho pa gulu la anthu?

Ndi mtima womwewunso wa eni nyumba ena kuno ku Ndirande. Lendi yangochedwa pang'ono, abwera ndi kalipentala kudzazula chitseko, mphasa ndi mapoto atayira panja mvula ikugwa, ana akuonerera. Khoti lilipo, bwanji osapita kumeneko?