Amene waitanitsa katunduyo ndiye ayankhe

Nkhani yokhwimitsa malamulo a makampani oitanitsa katundu kunja ikangoyamba, anthu amathamangira kudandaula kuti mitengo ikwera. Ine mtima wanga umathamangira ku Gambia. M'chaka cha 2022 ana pafupifupi 70 anamwalira kumeneko impso zitasiya kugwira ntchito, atamwa mankhwala a chifuwa opangidwa ku India. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linachenjeza za mitundu inayi ya mankhwalawo, yomwe inapezeka ndi poizoni wotchedwa diethylene glycol. Tsono mayi woferedwa akasumire ndani? Fakitale ili kutsidya kwa nyanja. Amene dzanja la lamulo lingamufikire ndi uja anasaina mapepala n'kulowetsa katunduyo.

N'chifukwa chake ndimagwirizana ndi zomwe anachita a European Union. Kuyambira Julayi 2021, katundu monga zidole za ana ndi zipangizo zamagetsi sagulitsidwa kumeneko popanda munthu kapena kampani yokhala konko yoti ikayankhe zinthu zikavuta. Ku United States nako, lamulo la 1993 linaika udindo pa woitanitsa kuti anene zoona za mtundu ndi mtengo wa katundu wake. Zoti "anandilembera ndi ejenti" sizimupulumutsa. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima; phindu ukudya ndiwe, mlandu usautaye kwa wina.

Komatu kukhwimitsa si kuchulukitsa mafomu ndi zidindo ayi. Kampani yaikulu ili ndi maloya, fomu ina siiopa. Amene amatsamwidwa ndi wamalonda wamng'ono, ndipo akatopa amayamba kuzembetsa katundu usiku, komwe kulibe womuyeza n'komwe. Pamenepo boma lataya msonkho, wogula wataya chitetezo.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi ichi. Kampani igwidwa italemba mtengo wabodza pa invoisi, kapena itasintha nambala ya HS, yomwe imauza a kasitomu mtundu wa katundu, kuti katundu wa msonkho waukulu aoneke ngati wa msonkho wochepa. Ilipira chindapusa chochepa poyerekeza ndi zomwe yapindula, kapena ingotseka. Mwezi wamawa yatsegula ndi dzina lina, eni ake omwewo, nyumba yosungira katundu yomweyo, ngakhale mlonda wa pageti sanasinthe. Lamulo lomwe ndikufuna ine ndi lotsata munthuyo ndi dzina lake, kuti akagwidwa kawiri asaloledwenso kuitanitsa ngakhale katoni imodzi.