Musamandiuze kuti Stormont itatseka zinthu zinkayenda

Ndapsa mtima kwabasi ndi munthu wina mu gulu lathu la WhatsApp yemwe akuti Northern Ireland inakhala zaka ziwiri yopanda boma koma palibe chinavuta. Palibe chinavuta?? Achimwene munali kuti? Ife okhala kuno ku Belfast tinaziona ndi maso athuwa, zinthu sizinkayenda ayi, zinkangokwawa.

Kuchokera February 2022 mpaka February 2024 boma la ku Stormont, komwe kuli nyumba ya malamulo ya Northern Ireland, linali ziii, chipani cha DUP chitanyanyala chifukwa cha nkhani za malonda za Brexit (kutuluka kwa UK mu European Union), basi. Inde magetsi ankayaka, mabasi ankayenda, zipatala zinali zotsegula, ndiye inu mukuona ngati dziko lili bwinobwino? Nduna zitachoka mu October 2022, akuluakulu a m'maofesi a boma ndi amene anatsala akugwira chiwongolero koma iwowo sanasankhidwe ndi munthu, analibe mphamvu zopanga ziganizo zikuluzikulu, ntchito yawo inangokhala yodula apa kudula apo kuti ndalama zikwane, bajeti yake akuchita kukonza a Chris Heaton-Harris, omwe panthawiyo anali nduna ya boma la ku London yoona za Northern Ireland.

Ndipo odulidwawo anali ndani? Ana a amphawi. Mu March 2023 anathetsa ndalama ya chakudya ya pa holide, £27 pa milungu iwiri kwa mwana aliyense wa banja losauka, inangotha choncho popanda nduna yoti makolo akaifunse. Mukuti palibe chinavuta? Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu.

Nanga Dáithí's Law, lamulo la kupereka ziwalo kwa odwala, lomwe linatchulidwa dzina la kamwana kodikira mtima watsopano? Aphungu anaitanidwa mu February 2023 koma analephera ngakhale kusankha Sipikala, mpaka makolo a mwanayo kukafika ku Westminster, nyumba ya malamulo ya UK, kuti lamulolo lidutse. Mwana wodwala mtima kudikira akuluakulu athetse mkwiyo wawo, zoona zimenezo?? Ine zimandiwawa mpaka lero.

Pa 18 January 2024 manesi, aphunzitsi, oyendetsa mabasi onse anatuluka pa sitalaka tsiku limodzi chifukwa malipiro awo anali atangoima, anzawo aku England akukwezeredwa. Anthu satuluka panja kuzizira kwa January kuja zinthu zikuyenda bwino. Sizinkayenda! Ndipo sikanali koyamba, 2017 mpaka 2020 zinalinso zomwezi, zaka zitatu zathunthu.

Chondinyansa kwambiri ndi chakuti aphunguwo ankalandirabe malipiro, anangowadulako 27.5% basi. Ife ogwira ntchito yosamalira okalamba ukajomba shifiti imodzi sulandira kanthu, koma iwo pafupifupi zaka ziwiri nyumba ya malamulo isakugwira ntchito ndalama zikulowa mu akaunti mwezi ndi mwezi.

Komanso nkhani ya mizere ya ku chipatala ndiye musaiyambe nkomwe, agogo amene ndimawasamalira ena adikira opaleshoni ya chiuno zaka ndi zaka, akungomwa mankhwala ochepetsa ululu, kuimbira dokotala m'mawa foni imangoti dikirani dikirani mpaka malo onse atha.