France ndi Germany: masamu amodzimodzi, mantha osiyana

Akatswiri akamayeza kuopsa kwa siteshoni ya magetsi a nyukiliya amafunsa zinthu ziwiri, kuti ngozi ingachitike kangati, ndipo itachitika ingapweteke anthu angati. Masamu amenewa anatchuka ndi lipoti la Rasmussen ku America mu 1975, ku Germany anapanganso awo mu 1979 poyeza siteshoni ya Biblis. Ndiye si kuti ku France amadziwa masamu ena ayi, kusiyana kuli pa funso lomwe aliyense walikakamira.

France inagwira funso loyamba. Ngozi ya pa siteshoni ya Fukushima ku Japan, yomwe inayamba ndi mafunde aakulu a m'nyanja, itachitika mu 2011 iwo anati chabwino, mpata wa ngozi ndiochepa kale tiuchepetsenso, anawonjezera majenereta apadera, kampani yawo ya magetsi ya EDF inakhazikitsa gulu lothamangira pa siteshoni iliyonse zikavuta, basi magetsi kumayakabe. Mpaka pano magetsi awo ambiri ndi a nyukiliya.

Germany inagwira lachiwiri. Boma la Angela Merkel linati ngati Japan ndi ukatswiri wake wonse zamukanika, kampata kochepako sikutitonthoza, linatseka mariyakita (ng'anjo za nyukiliya) 8 chaka chomwecho, atatu omaliza anazimitsidwa pa 15 April 2023. Mantha awo sindiwaseka ine, utsi wa ngozi ya mu 1986 pa siteshoni ya Chernobyl ku Ukraine unasiya poizoni m'nkhalango za ku Bavaria, chigawo cha Germany, moti mpaka lero nguluwe zina alenje akapha amayamba aziyezetsa kaye, zina n'kutayidwa osadyedwa.

Komatu apa ndi pomwe ndimakanda mutu. Siteshoni ya Cattenom ya ku France ili pafupi kwambiri ndi malire a Germany ndi Luxembourg, nanga mphepo imaonetsa pasipoti? Mu 2017 anthu a mu mzinda wa Aachen ku Germany amalandira mapilitsi a ayodini oteteza chithokomiro chifukwa choopa Tihange, siteshoni ya ku Belgium osati yawo. France nayo inakulitsa dera logawa mapilitsiwa kuchoka pa makilomita 10 kufika 20 kuzungulira siteshoni, kusonyeza kuti masamu awo aja sawakhulupirira ndi mtima wonse.

Ine ndimaona kuti Germany inawerenga bwino ngozi yobwera kamodzi n'kamodzi koma inapeputsa ya tsiku ndi tsiku, poti malasha inapitiriza kuotcha, ndipo utsi wa malasha umapha anthu mwakachetechete chaka chilichonse popanda kamera kubwera. France nayo isamatame, ku Fukushima akatswiri ankati mafunde otalika choncho sangafike.